Nambala ya injini isasiyane ndi muyeso wake

Pansi pa chiwongolero cha galimoto zambiri za masiku ano pali kasoketi ka timabowo 16. Makaniko akalumikizapo chipangizo chake, kaya ndi makina odula kaya ndi ka ELM327 kotchipa kamene kamalankhulana ndi foni, injini imayamba kuulula za m'mimba mwake: kutentha kwa madzi, liwiro, kuchuluka kwa mpweya umene ikumeza. Manambalawa amasungidwa m'fayilo galimoto ili pamsewu, kuti munthu akawaunike bwino atakhala pansi. Dongosolo limeneli, la OBD-II, linakhala lamulo ku America mu 1996, ndipo ku Ulaya linzake lofanana nalo linayamba mu 2001 pa galimoto za petulo ndi 2004 pa za dizilo. Ngakhale linabadwira m'dziko la mamailosi ndi magaloni, kompyuta ya injini imayankha m'miyeso ya metiriki: kutentha mu Celsius, liwiro m'makilomita pa ola, presha mu kPa, mpweya m'magalamu pa sekondi. Psi kapena Fahrenheit woonekera pa foni sanachokere ku injini ayi. Wamutembenuza ndi pulogalamu. N'chifukwa chake ndikuti fayilo izisunga nambala monga momwe injini yainenera, muyeso wake utalembedwa pambali, ndipo kutembenuza kuzichitika kamodzi kokha, pa nthawi yowerenga.

Ambiri amayesa kutembenuza ndi kuchulukitsa basi. Pa zina n'zoona: psi imodzi ndi 6.895 kPa, mailo imodzi ndi makilomita 1.609. Koma kutentha kumakana njira yachiduleyi. Madzi a injini akafika 90 Celsius, mu Fahrenheit ndi 194, chifukwa timachulukitsa ndi 1.8 kenaka n'kuwonjezera 32. Tsono tinene kuti galimoto yakwera chitunda, madzi atentherapo ndi madigiri 10. Kusiyanaku ndi madigiri 18 a Fahrenheit, popanda kuwonjezera 32 uja. Woyendetsa masamu omwewo mwachizolowezi apeza 50, ndipo ayamba kukayikira radiyeta yosalakwa. Palinso china chobisika. Kompyuta imatumiza kutentha kwa madzi mwa digiri yathunthuyathunthu, 90, 91, 92. Zikatembenuzidwa n'kudula zotsalira zimakhala 194, 195, 197, ndipo wina akazibwezanso ku Celsius, wachitatu n'kuzitembenuzanso, kulikonse kukutayika kachidutswa. Madzi otungidwa ndi lichero safika kunyumba.

Pamene pagona nkhani kwenikweni ndi pa presha, makamaka pa injini za turbo. Sensa ya MAP imayeza presha yonse, kuphatikizapo kulemera kwa mpweya wotizungulira, pamene geji ya boost imene eni galimoto anaizolowera imayambira pa ziro ndipo imawerenga chowonjezera chokha. M'mbali mwa nyanja yamchere mpweya umapanikiza ndi 101.3 kPa. Ku Lilongwe, kumene kuli pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000, umatsika kufika cha m'ma 90, ndipo ku Johannesburg umatsikirapo ndithu. Aliyense angadzionere yekha: tembenuzani kiyi kuti nyale za pa dashibodi ziyake, injini osailiza, muone nambala ya MAP. Imeneyo ndiyo presha ya mpweya wa pamalo pamene mwaimapo. Tsopano tiyerekeze kuti galimoto ili ku Lilongwe yalemba 180 kPa ikukoka mwamphamvu. Wogawa 180 ndi 6.895 anena kuti turbo ikupereka 26 psi, ndipo agwira mtima poopa kuti injini iphulika. Pulogalamu imene imangochotsa 101.3 paliponse inena 11.4 psi, ngati kuti turbo yafooka. Yankho lenileni ndi 180 kuchotsa 90, kutsala 90 kPa, imene ndi 13 psi. Nambala imodzi yabala ana atatu, ndipo awiri mwa iwo angathe kugulitsa munthu sipeya imene sakuifuna. Fayilo ikakhala kuti inasunga 180 yemweyo, cholakwacho chimakonzeka ndi cholembera. Ikakhala kuti inasunga 11.4 yekha, palibe angadziwe chimene chinachotsedwa.

Alipo amene anganene kuti makaniko anakula ndi psi, ndiyo amapopera matayala, ndipo diso lake limazindikira msanga vuto nambala ikakhala m'muyeso umene anauzolowera. Izi sindikuzitsutsa, ndipo si chinthu chochepa. Luso la munthu limakhala m'zizolowezi zake. Pa sikirini aziona psi, palibe cholakwa. Koma chimene diso likuona ndi chimene fayilo ikusunga ndi zinthu ziwiri zosiyana. Fayilo imayenda: imatumizidwa pa WhatsApp kwa katswiri wa kutali, imafanizidwa ndi ya chaka chatha, imayerekezedwa ndi buku la kampani yopanga galimotoyo. Ndipo misewu ya ku Malawi ndi Zambia imasonkhanitsa galimoto za ku Japan, zina za mabuku olemba presha mu kgf/cm², ndi za ku Britain zowerenga mamailosi. Ngakhale liwu loti galoni lili pawiri: wa ku Britain ndi malita 4.546, wa ku America ndi malita 3.785. Pulogalamu ikalemba kuti galimoto ikuyenda mamailosi 40 pa galoni, n'kutheka kuti ndi makilomita 14 pa lita, n'kuthekanso kuti ndi 17. Kwa munthu wa minibasi amene amawerengera phindu lake pa lita iliyonse, makilomita atatu amenewo ndi ndiwo za pakhomo.

Ena amati pulogalamu simalakwitsa masamu. Zoonadi simalakwitsa kuchulukitsa, koma sidziwa chimene yapatsidwa. Pa 23 July 1983 ndege ya Air Canada, Boeing 767, inatha mafuta ili m'mwamba ndipo inatera injini zitazima pa bwalo lakale la asilikali ku Gimli. Owerengera mafuta anagwiritsa ntchito 1.77, nambala ya mapaundi pa lita, pamene ndegeyo inkawerenga m'makilogalamu, ndipo inanyamuka ndi mafuta osakwana theka la ofunika. Masamu awo anali olondola. Muyeso ndiwo unali wina. Galimoto sigwa kuchokera kumwamba, koma woikira injini malire a turbo potengera nambala yolakwika angathe kusungunula mapisitoni.

Ntchito yopewa zonsezi si yaikulu. Musanayambe kulemba, ikani pulogalamu pa metiriki. Pamutu pa mzere uliwonse wa manambala palembedwe dzina ndi muyeso wake, ndipo pa presha patchulidwe ngati ndi yonse kapena ya pa geji. Masekondi oyamba a fayilo atengedwe kiyi itatembenuzidwa koma injini isanalire, kuti presha ya mpweya wa tsikulo ndi malowo ikhale m'fayilo momwemo. Wofuna psi atsegule mzere wina pambali, masamu ake aoneke poyera, mzere woyamba uja osaukhudza.