Madzi Onyansa a M'tauni ndi Moyo wa Anthu a Kumunsi kwa Mtsinje

Mzinda wa Zomba, umene unali likulu la Malaŵi kufikira chaka cha 1975, uli m'tsinde mwa phiri limene limautsira mitsinje. Umodzi mwa mitsinjeyo ndi Likangala, umene umadutsa mumzindawo ndi kukathira m'nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi ake; chotero nyansi iliyonse imene yafika m'menemo imakhala momwemo, ndipo imaunjikana pamene madzi akuphwa, monga zinachitikira m'zaka za 1968 ndi 1995 pamene nyanjayo inauma.

Madzi ochokera m'zimbudzi, m'mabafa ndi m'makhitchini amanyamula zoopsa ziŵiri. Choyamba ndi tizilombo toyambitsa kolera, kamwazi ndi tayifodi. Chachiŵiri ndi zinthu zoola, zimene pakuvunda zimamaliza mpweya wa m'madzi umene nsomba zimapuma. Ndiponso nyansizo zimagwira ntchito ngati fetereza: ndere zimachulukana, ndipo zikafa ndi kuola, mpweyawo umatheratu.

Nchifukwa chake tauni imafunika malo oyeretsera madzi a suweji. Madziwo akafika m'mipope, amayamba adutsa pa zitsulo zonga sefa, zimene zimakola nsanza, mapepala ndi mapulasitiki. Kenaka amayendetsedwa pang'onopang'ono kuti mchenga utsike pansi. Atatero amaloŵa m'matanki akuluakulu m'mene amadikha kwa maola angapo, ndipo matope olemera amakhazikika pansi. Matopewo amachotsedwa, naumikidwa padzuŵa.

Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi mabakiteriya abwino. Pamalo ena madzi amawazidwa pamwamba pa mulu wa miyala, ndipo mabakiteriya okhala pa miyalayo amadya zoola zija madzi akamatsika. Pamalo ena madzi amagonekedwa m'maiŵe osazama kwa masabata angapo, m'mene dzuŵa limapha tizilombo tambiri ta matenda. Njira ya maiŵeyi imakomera maiko otentha, popeza siilira makina ambiri kapena magetsi. Pomalizira pake madzi ayenera kuyesedwa asanatsiridwe mumtsinje. Ndipo lamulo la madzi la chaka cha 2013 limafuna kuti wotsira madzi onyansa mumtsinje akhale ndi chilolezo.

Zonsezi zikalephereka, wovutika si wa m'tauni ayi, koma mayi wotunga madzi kumunsi, mlimi wothirira mpunga wake ndi madzi a Likangala, ndi msodzi wa matemba ndi milamba ku Chilwa. Mliri wa kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023, umene unapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, unaonetsa poyera mtengo wa madzi odetsedwa.

Udindo suli pa khonsolo yokha. Mpope wa suweji umatsekeka ndi nsanza, matewera ndi mafuta ophikira amene anthu amataya m'chimbudzi, ndipo ukatsekeka nyansi zimasefukira m'ngalande ndi kuthamangira kumtsinje. Galimoto yopopa zimbudzi nayo iyenera kukakhuthula ku malo oyeretsera, osati m'khwaŵa. Munthu wa kumtunda amene amadetsa mtsinje akumbukire kuti ndiwo za masamba, mpunga ndi nsomba za kumunsi zimabwerera ku msika wa m'tauni, ndi kudzafika pa mbale yake yomwe.