KODI MAKINA OPHUNZIRA ADZAWERENGA MBIRI YA CHAMBOLI?

Komboni ya Chamboli mu Kitwe inamangidwira anchito a pa mgodi wa Nkana, koma mbiri yao yolembedwa siili m'kombonimo. Yambiri igona m'mabokosi ku Ndola, m'nyumba yosungiramo makalata akale a ZCCM. Mwana wa sukulu wofuna kudziwa za sitalaka ya 1940, pamene asilikali anaombera anchito pa Nkana ndipo anthu 17 anafa, ayenera kupita komweko ndi kuvundukula mafaelo imodzi-imodzi.

Nchito yotopetsa yotere ndiyo imene nyumba za mabuku zayamba kupatsa makompyuta ophunzira okha, luso limene pa Cingerezi amati machine learning. Kompyuta siuzidwa malamulo ai. Iwonetsedwa zolemba zikwi zambiri zimene anthu anazisanja kale, kuti ici ncamalipiro, ico ncangozi za pansi pa mgodi, kufikira itazolowera mau amene amayendera limodzi. Pambuyo pace isanja yokha zolemba zatsopano.

Muno m'Zambia zayesedwa kale. M'caka ca 2020 Dr Lighton Phiri wa pa University of Zambia anafalitsa zofufuza zace, zoonetsa kuti kompyuta ingathe kusanja zolemba za ophunzira a madigiri apamwamba zosungidwa pa yunivesitiyo.

Komabe zolembazo ndi za Cingerezi coyera, zolembedwa pa kompyuta. Makalata a migodi ndi ena. Ambiri anatayipidwa pa kaboni ndipo afufuma, ena ndi a pamanja, ndipo pena dzina la munthu mmodzi mlembi wa kampani analilemba mosiyana-siyana monga analimvera. Cinanso ndi cinenero. Makinawa anakulira pa Cingerezi. Cibemba ca ku Chamboli ndi Cinyanja ca anthu a kum'mawa amene anadzagwira nchito ku migodi acidziwa pang'ono cabe. Akatswiri a pa yunivesiti yomweyo anayamba kutseka mpata umenewu, ndipo mu 2023 anatulutsa Zambezi Voice, nkhokwe ya mau olankhulidwa m'Cibemba, Cinyanja, Citonga ndi Cilozi.

Kompyuta isanawerenge pepala, wina ayenera kulijambula, ndipo ikalakwa dzina pafunika wolidziwa kuti aikonze. Odziwa mainawo ndi madala opuma nchito a ku Chamboli ndi Wusakile, amene analowa pansi pa Nkana ZCCM isanapangidwe mu 1982. Ambiri a iwo apitirira kale zaka 65.