Chiwanda chanyanga chobadwa ndi nsanje

Nyanga ziwiri zosongoka, maso achikasu otong'oka, kukamwa yasaa, mano onse pamtunda. Mwana atachiona chigoba chimenechi madzulo, tulo sangatione. Koma anthu okonda zisudzo zamakolo za ku Japan zotchedwa Noh amadziwa kuti nkhope yoopsayi ndi ya mayi amene mwamuna wamusweratu mtima.

Chigobachi amachitcha Hannya. Chimaimira mkazi amene nsanje ndi mkwiyo zamudya mpaka wasanduka chiwanda. Zisudzo za Noh anazikuza ndi Kan'ami ndi mwana wake Zeami m'zaka za m'ma 1300, ndipo mu 2008 bungwe la UNESCO linazilemba m'kaundula mmodzimodzi ndi Gule Wamkulu.

Luso lagona pa kasemedwe. Amisiri amasema chigobachi ku mtengo wa hinoki, ndipo kukamwa amakupatsa ukali pomwe zikope ndi mphumi amazisiya ngati za munthu wolira. Wovalayo akayang'ana kutsogolo, mumaona chilombo. Akangoweramitsa mutu pang'ono, mthunzi umagwa m'maso, nkhope ija n'kuoneka yachisoni. Thabwa ndi lomwelo, koma woonera amayamba ndi mantha n'kuthera chifundo.

Sewero la Dojoji ndilo limaimitsa anthu mtima. Nkhani yake ndi ya mtsikana amene ankakhulupirira kuti wansembe wina adzamukwatira. Wansembeyo anathawa n'kukabisala m'chibelu cha pakachisi. Mtsikanayo, polondola, anasanduka chinjoka pamtsinje wa Hidaka, n'kuzinga belulo mpaka linatentha, mwamuna uja n'kupsera momwemo.

Seweroli limayamba tsiku lopachika belu latsopano, pamene mkazi wovina atulukira pakachisipo ngakhale akazi awaletsa. Kuvina kukafika pakolasi, wosewerayo amadumphira m'chibelu cholemera chomwe chikugwa kuchokera kudenga. Kuphonya pang'ono, wavulala. M'katimo, mumdima, yekhayekha, amavula nkhope ya mkazi wokongola n'kuvala ya chiwanda. Belu likakwezedwa, ansembe amalimbana naye ndi mapemphero mpaka athawire mumtsinje.

Chodandaulitsa n'chakuti nyangazi amamera ndi mkazi, pomwe mwamuna amene wautsa mapiri pachigwa amakhalabe ndi nkhope yosalala. Nanga iye bwanji? Ganizoli linafika mpaka paukwati: mkwatibwi wovala mwamwambo ku Japan amamanga kumutu nsalu yoyera yotchedwa tsunokakushi, kutanthauza chobisira nyanga.