KUIKA INJINI PA NDEKE YOMANGA PA NYUMBA

Nkhani yathu ya lero iri ya anthu amene amadzimangira okha ndeke pa nyumba pao. Musayese nthano ai. Ku America, pa mudzi waung'ono wochedwa Cherry Grove m'dera la Minnesota, makaniko wina dzina lace Bernard Pietenpol anamanga ndeke ya matabwa ndi nsaru, naikapo injini ya galimoto ya Ford Model A, ya mphamvu ya akavalo 40, ndipo inauluka m'caka ca 1929. Mapulani ace anasindikizidwa mu 1932, ndipo kufikira lero anthu akali kumanga ndeke za mtundu womwewo. Omanga otere ali ndi bungwe lao, Experimental Aircraft Association, limene Paul Poberezny analiyambitsa ku Milwaukee mu 1953.

Kumanga mapiko ndi thupi la ndeke kumatha zaka, koma pamenepo munthu angotsata pulani. Pamene pagona nkhani ndi kumphuno kwa ndeke, kumene kukhala zinthu zitatu: injini, pulopela, ndiye mtanda uja umazungulira kutsogolo, ndi cibvundikiro ca injini. Injini ya lole ikazima pa mseu wa Kitwe ndi Ndola, dalaivala amapatukira pambali naitana anthu kuti akankhe. Kumwamba kulibe kopatukira.

Asanakweze injini, mmisiri ayamba wamanga cipupa ca citsulo cosagwa dzimbiri pakati pa injini ndi miyendo ya woyendetsa, kuti moto ukabuka usamfikire msanga. Muyeso umene anaikira ndeke za m'fakitale ku America ndi wakuti cipupa cotere cipirire lawi la madigiri 2,000 a Fahrenheit kwa mphindi 15, ndipo womanga wanzeru atsata muyeso womwewo. Kabowo kalikonse kopitapo waya kapena paipi katsekedwe bwino.

Pa cipupaco amangirira cogwirira injini, copangidwa ndi mapaipi a citsulo ooneka oonda koma olimba, oocherera pamodzi. Pakati pa injini ndi cogwiriraco aikapo mipira yokhuthala kuti kunjenjemera kwa injini kusasweretse ndeke. Injini imene ambiri amaikonda, Lycoming O-320, iri ndi masilinda 4, mphamvu ya akavalo 150 kapena 160, ndipo ilemera mapaundi oposa 240. Katundu yenseyo alendewera pa mabauti 4 okha. Cifukwa cace nati iliyonse pamenepo ikhala ndi kapini kopisa m'bauti nkupinda, kuti isadzimasule.

Kulemera kumeneku kuli ndi mlandu wace. Ndeke iri ngati mtolo wa nkhuni pamutu: ukaposa kutsogolo kapena kumbuyo, wosenza sayenda. Amene amaika injini yopepuka ya Continental pa ndeke ya Pietenpol, m'malo mwa Ford yolemera ija, amatalikitsa cogwirira injini kapena kusendeza phiko cakumbuyo pang'ono. Ndeke yolemera kumcira ndiyo yoopsa koposa, pakuti imakweza mphuno yokha ndipo woyendetsa alephera kuigwetsa. Potero ikatha kumangidwa amaikweza pa masikelo, gudumu liri lonse pa sikelo yace, nawerengera pamene pali pakati pa kulemera kwace.

Tsono pulopela. Ambiri amasankha ya mtengo, ya matabwa angapo omata pamodzi ndi kusema. Tiyeni tiwerengere pang'ono. Pulopela yotalika mainchi 72, pozungulira ka 2,700 pa mphindi imodzi, nsonga zace zithamanga mamailosi oposa 570 pa ola. Pa liwiro lotere kusiyana kocepa kumasanduka cibvomezi. Mmisiri aika thabwa pansi pa nsonga imodzi nalemba cizindikiro, atembenuza pulopela ndi dzanja, naona ngati nsonga inayo ipita pomwepo. Zikasiyana koposa gawo limodzi la magawo 16 a inchi, amasula nayambanso.

Mabauti ace ndi 6, ndipo samangidwa ndi mphamvu ya mkono monga ticitira pa gudumu la njinga. Pali sipanala yace yoonetsa muyeso. Mukamangitsa muphwanya mtengo. Mukalekerera pulopela igwedera pa citsulo, itentha, nkupserera, ndipo mabauti angathe kuduka. Mabauti sali okoka pulopela ai, nchito yao ndi kuipanikiza pa citsulo ca injini, ndipo kupanikizako ndiko kuizunguza. Ndipo mtengo, monga mudziwa ndi citseko ca kunyumba, umatupa m'dzinja nufota m'cilimwe. Muyeso uja uyenera kuonedwanso nyengo ikasintha. Potsiriza apisa waya m'mitu ya mabauti awiri awiri, naupota motero kuti bauti ikafuna kumasuka, waya aikokera kumbali yomangira. Cenjezo limodzi pano: injini zambiri za ndeke zimapanga moto wace ndi magineto, wosadalira batire. Kawaya kamodzi kakaduka, injini ingathe kulira munthu atangopotoza pulopela, ngakhale kiyi ali m'thumba.

Cibvundikiro ndico anthu amacipeputsa. Amaciyesa malaya a ndeke, cinthu congokometsa. Ine nditi pa zitatuzi ndico cofuna nzeru koposa, ndipo inu a pansi pa mgodi mudzacimva msanga kupambana akalaliki a mu ofesi. Ku Mufulira kapena ku Nkana fani yaikuru imayendetsa mpweya, koma mpweya ndi waulesi, umafuna njira yaifupi. Ndico cifukwa cace pali zitseko ndi zipupa zoukakamiza kupita kumene anthu akuboola mwala. Wina akasiya citseko cosatseka, mpweya ubwerera pomwepo, ndipo anzace a kumapeto atsala m'thukuta, cinkana fani ikulira monga mwa masiku onse.

Momwemonso m'cibvundikiro. Injini ya Lycoming iribe madzi oiziziritsa. Mphepo ilowa pa mabowo a kumphuno, iunjikana pamwamba pa injini, ndipo malata odulidwa mwaluso aikakamiza kutsika pakati pa zipsepse za masilinda, nituruka pansi itanyamula kutentha. M'mphepete mwa malatawo muli mpira wofewa wogunda cibvundikiro, ndipo uyenera kupindikira m'kati kuti mphepo yomweyo iukanikize. Ukapindikira kunja, citseko catseguka: mphepo ithawa, silinda ya kumbuyo ipsa. Opanga injiniyi anaika malire a madigiri 500 a Fahrenheit pa mutu wa silinda, koma oyendetsa ocenjera safuna kupitirira 400. Kukuza bowo la kutsogolo kawiri kawiri sikuthandiza ngati poturukira pacepa kapena malata akudontha mphepo.

Cibvundikiro cabwino cimaonjezanso liwiro. Mu 1928 Fred Weick ndi anzace a ku Langley, m'dera la Virginia, anabvundikira injini ya ndeke ya Curtiss imene masilinda ace anali pa mtetete, ndipo liwiro lace linakwera kucokera mamailosi 118 kufika 137 pa ola, injini iri yomweyo.

Kuciyenereza ndiyo nchito yotopetsa. Cimapangidwa ndi aluminiyamu kapena fibreglass, m'zigawo ziwiri, ca pamwamba ndi ca pansi. Pa ndeke zambiri cimangiriridwa ku thupi la ndeke, pamene injini ivina pa mipira yace, makamaka poiliza ndi poizima. Potero pakhale mpata ponse pakati pa ziwirizi, ndi pafupi ndi paipi ya utsi. Mmisiri aciika, alemba ndi pensulo, acicotsa, apala pang'ono, aciikanso, kambirimbiri, pakuti cimene wadula sicimeranso.

Zonse zitatha, sanathe. Atsitsa mcira wa ndeke kuti mphuno iloze kumwamba monga pokwera, namasula paipi ya petulo kuti ayese kuturuka kwace. Ngati petulo atsika yekha wopanda pampu, ayenera kuturuka kamodzi ndi theka kuposa amene injini imamwa ponyamuka. Pambuyo pace amanga mcira ku mtengo, aika cozimira moto pafupi, naliza injini kwa kanthawi kocepa, kuyang'ana podontha oilo ndi pokhulana. Ku America woyang'anira wa boma ayamba waiona, ndipo akailola, mwini wace auluka nayo m'dera limene ampatsa, kutali ndi midzi yodzaza anthu, kawiri kawiri maola 25 ngati injini ndi pulopela ziri zobvomerezeka kale pamodzi, kapena maola 40 ngati ziri zina, monga ya galimoto ija. Kuyesako kusanathe saloledwa kunyamula mkazi wace kapena mwana wace.