Kodi njovu imadziwa kuti idzafa?

Alimi a ku Lundazi ndi Lumezi safuna kumva zabwino za njovu masiku ano, ndipo sitingawadzudzule. Kucokera mu 2022, pamene njovu 263 zinasamutsidwa ku Liwonde kupita ku Kasungu, zina zakhala zikudumpha malire n'kudya cimanga, kugwetsa nkhokwe, ngakhale kupha anthu amene. Koma cinyama comweci citipatsa funso limene ife akhristu sitiyenera kulithawa: kodi ndi munthu yekha amene amasinkhasinkha za moyo ndi imfa?

Ku seminale anatiphunzitsa mau a Tomasi Woyera wa ku Aquino akuti nyama ili ndi moyo wakumva, koma nzeru zofunsa cifukwa n'za munthu. Ena amamva ngati akuti nyama ilibe cisoni. Iyai, sanatero.

Mu 2006 Karen McComb ndi anzace anafalitsa zimene anaona ku Amboseli, m'dziko la Kenya. Anaika pansi zigaza za njovu, njati ndi cipembere. Njovu zinakhalitsa pa cigaza ca njovu inzao, kucinunkhiza ndi kucikhudza ndi citamba. Kuno kwathu ku Chimfunshi, kufupi ndi Chingola, kumasungidwa anyani akulu ochedwa chimpanzee. Wina wazaka 9, dzina lace Thomas, atafa anzace anasonkhana pa mtembo. Osamalira atawaitana ndi cakudya ambiri anacoka, koma wamkazi amene anamlera, Noel, anatsala, natenga udzu wolimba n'kumatsuka mano a malemuyo. Ofufuza analemba zimenezi mu 2017. Ine ndikamva zotere sindiopa kunena kuti cimeneco n'cisoni.

Komabe tamverani mbali ina ya nkhani ya ku Amboseli ija. Ataika zigaza zitatu za njovu zazikazi zotsogolera magulu, cimodzi ca mtsogoleri wao weni-weni, njovu sizinasankhe ca kwao. Zinadziwa mtundu, osati mwini wace. Ife manda a ambuye athu timawadziwa, timawalambula, ndipo pa 2 Novembala timachula maina ao pa Misa. Mwana wazaka zisanu pa maliro amakoka citenje ca amace n'kufunsa kumene agogo apita, ndiponso ngati nayenso adzapitako. Buku la Mlaliki, mutu 3, livomereza kuti munthu ndi nyama amafa mofanana, koma amene anakhala pansi kudabwa nazo ndi kuzilemba ndi munthu.

Nyama imalira imfa imene yaiona ndi maso. Munthu amanyamula imfa yace isanafike. Taonani mlimi wa m'malire pa nyengo ya cimanga caciwisi: asanapite kukalonda munda usiku ndi toci ndi cigubu coimba, amauza akazi ace kumene waika ndalama za feteleza, amayang'ana ana ali m'tulo, n'kucita cizindikiro ca mtanda pakhomo.