Musanakwere phiri, yang'anani kaye chovala cham'kati

Mwezi wa June ukafika, anthu a ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu sachita kuuzidwa kuti nyengo yatembenuka. Nkhungu imagona m'zigwa mpaka dzuwa litakwera, mphepo imalowa m'mafupa, ndipo kamvula kowaza ka chiperoni kamatha kugwa masiku atatu osakata.

Koma nyengo yomweyi ndi imene anthu ambiri amakonda kukwera mapiri chifukwa mvula yamphamvu imakhala itatha ndipo njira zimakhala zouma. Ana asukulu, achinyamata a m'mipingo, magulu okapemphera kuphiri ngakhalenso anthu apantchito amanyamuka ulendo, ena wa kuphiri la Chiradzulu, ena kudzera msewu wa Midima kulowera ku Mulanje.

Makolo akamakonzera mwana ulendo wotere, nkhawa yawo imakhala pa kamba, nsapato ndi jekete lalikulu. Chovala chimene chimakhudza khungu sachiganizira n'komwe. Mwana amangotola sikipa ya thonje imene ili pafupi, basi ulendo wayambika. Chonsecho pa zovala zonse zimene munthu amavala kuphiri, chimenechi ndicho chingamuteteze kapena kumuika m'mavuto.

Kumwamba si kuno

Phiri la Chiradzulu ndi lotalika mamita 1,773 pomwe nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje imafika mamita 3,002. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Kuchokera patsinde pa phiri la Mulanje kukafika pa Sapitwa pali mamita oposa 2,000, kusonyeza kuti amene wanyamuka pansi akumva kadzuwa kofunda akapeza kumwamba kukuzizira ndi madigiri 12 kapena kuposa apo. Tsono onjezerani mphepo ndi nkhungu. M'miyezi ya June ndi July, madzi amatha kuundana usiku pamwamba pa phirili.

Chiperoni, chimene dzina lake lidachokera kuphiri la Chiperone m'dziko la Mozambique, sichipangana ndi munthu. Kumwamba kumatha kukhala kwayera m'mawa, pofika masana nkhungu yakuta ponseponse moti mnzako amene ali patsogolo sukumuonanso.

Mu July 2009, mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, adasowa atakwera Sapitwa. Thupi lake lidapezeka kumayambiriro kwa August ndipo malipoti adati adamwalira ndi kuzizira. Nkhani yake idatchuka mpaka kunja moti mu 2017 kudatuluka filimu yofotokoza za ulendo wakewo.

Anthu ali ndi zikhulupiriro zawo pa za phirili, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO lidaliika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse kaamba ka chikhalidwe cha Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amene amalilemekeza ngati malo a mizimu. Komabe kaya munthu watsata miyambo yonse, kuzizira kwa kumeneko sikuona nkhope.

Thukuta ndiye mdani

Ambiri amaganiza kuti chimanyowetsa munthu kuphiri ndi mvula yokha. Zoona zake n'zakuti thukuta la mwini wake ndilo limayamba. Pokwera chitunda thupi limatentha ndipo malaya amanyowa, makamaka kumsana kumene kuli chikwama.

Nsalu ya thonje imamwa thukutalo n'kulisunga. Imamatirira pakhungu ndipo imachedwa kuuma. Kuchigwa cha Shire m'mwezi wa October zimenezi ndi zabwino chifukwa zimaziziritsa thupi. Koma pamwamba pa phiri, munthu akangoima kuti apume, mphepo imaomba pansalu yonyowayo n'kuyamba kuba kutentha kwa m'thupi. Ngakhale avale jekete pamwamba, chonyowacho chili m'kati.

Thupi la munthu limayenda bwino pa madigiri 37. Likatsika kupyola 35, ngozi yayamba. Munthu amanjenjemera kwambiri, amapunthwa poyenda, mawu amatuluka ngati waledzera ndipo amasokonezeka maganizo. Zikafika poipa, kunjenjemerako kumasiya ndipo amangofuna kugona.

N'chifukwa chake anthu ozolowera mapiri amavala zovala zitatu zosanjikiza. Cham'kati ntchito yake ndi kuchotsa thukuta pakhungu. Chapakati, monga juzi, chimasunga kutentha. Chakunja chimatchinga mphepo ndi mvula. Kukatentha amavulako, kukazizira amaonjezera. Pa chovala cham'katicho, ubweya wa nkhosa za mtundu wa merino ndiwo umatamandidwa kwambiri.

Nkhosa yake ndi yotani?

Nkhosa zathu zakuno zili ndi ubweya waufupi, wolimba ngati wa mbuzi, ndipo timaweta kaamba ka nyama. Merino ndi ina. Ubweya wake ndi wautali, wopotana komanso wofewa, ndipo amaumeta chaka ndi chaka.

Kwawo kwenikweni ndi ku Spain, kumene kwa zaka zambiri mafumu ankaletsa kuzitulutsa kunja kwa dzikolo. Mu 1789 nkhosa zisanu ndi imodzi zamtunduwu zidafika ku Cape m'dziko la South Africa, ndipo mu 1797 zina zobadwa mwa izo zidakwera sitima kupita ku Australia. Lero Australia ndiye amatsogola padziko lonse pa ubweya wofewa wopangira zovala, pomwe kuno kumwera kwa Africa merino amawetedwa kwambiri ku South Africa ndi ku Lesotho.

Anthu a ku Mikolongwe sangadabwe kumva kuti chiweto chimatha kuoloka nyanja n'kukatchuka kwina. Nkhuku zakuda zija dziko lonse limazitcha za Mikolongwe, mtundu wake ndi Black Australorp ndipo kwawo ndi ku Australia komweko.

Ubweya wa nkhosa uli ndi mphatso imene thonje lilibe. Umatha kumwa chinyezi chofika pafupifupi magawo 30 pa 100 a kulemera kwake koma osamveka kunyowa ukaukhudza, chifukwa chinyezicho chimalowa m'kati mwa ulusi. Kupotana kwake kumasunga mpweya wofunda pafupi ndi khungu, choncho umafundabe ngakhale utanyowa pang'ono. Komanso suchedwa kuiwalitsa munthu kuti sadachape, chifukwa sutulutsa fungo msanga. Pa ulendo wa masiku atatu wogona m'nyumba za paphiri monga Chambe, Lichenya kapena Thuchila, chovala chimodzi kapena ziwiri zikwanira.

Nanga kuyabwa kuja?

Aliyense amene adavalapo juzi yakalekale ya ubweya pakhungu lenileni amakumbukira kukanda khosi tsiku lonse. Ena adangotsimikiza kuti thupi lawo limadana ndi ubweya. Kawirikawiri vuto silikhala thupi koma kunenepa kwa ulusi.

Ulusi amauyeza mu maikironi, ndipo maikironi 1,000 ndiwo amapanga milimita imodzi. Tsitsi la munthu nthawi zambiri limakhala pakati pa maikironi 50 ndi 100. Ulusi wa ubweya ukapyola maikironi 30 umakhala wouma moti nsonga zake sizipinda zikakhudza khungu. Zimabaya ngati timinga ting'onoting'ono, ndipo kubayako ndiko timati kuyabwa.

Ulusi wa merino nthawi zambiri sufika maikironi 24, ndipo umene amapangira zovala zam'kati umakhala pakati pa 17 ndi 19. Wopyapyala chonchi umangopinda ukakhudza khungu. Apa ndiye pagona kusiyana kwake.

Kusaka m'kaunjika

Zovala za merino zatsopano, zopangidwa ndi makampani monga Icebreaker ya ku New Zealand kapena Smartwool ya ku America, ndi zodula ngakhale kwa anthu a m'maiko olemera. Banja la ku Mikolongwe, Namitambo kapena Luchenza silingaziganizire n'komwe, makamaka chigwereni ndalama ya kwacha ndi magawo 44 pa 100 mu November 2023.

Mwayi wathu uli m'kaunjika. Mabelo ambiri amachokera kumaiko ozizira, ndipo m'kati mwake mumapezeka tizovala topyapyala ta manja aatali timene ogula ambiri amatidumpha poganiza kuti n'tosafunda. Maso amathamangira juzi yonenepa, yamaluwa, chonsecho ndi ya ulusi wa pulasitiki. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Malonda a zovala zovalidwa kale si achilendo ku Mikolongwe. Bungwe la DAPP, limene lidatsegula sukulu yake yophunzitsa ntchito zamanja kumeneko mu 1997, limapeza zina mwa ndalama zoyendetsera ntchito zake pogulitsa zovala zoterezi m'masitolo ake. Kaya ndi m'sitolo, kaya ndi pamulu tsiku la msika, njira yosankhira ndi imodzi.

Choyamba, tembenuzani chovalacho muwerenge kansalu kolembedwa kamene kamakhala pakhosi kapena m'mbali chakumunsi. Funani mawu akuti "merino wool". Pakalembedwa "acrylic" dziwani kuti ndi ulusi wa pulasitiki, ngakhale kuti kuno wulu wolukira timangoutcha wulu. Pakalembedwa "cotton", limenelo ndi thonje. Zina zimakhala zosakaniza, merino wambiri ndi nayiloni pang'ono. Zimenezi musazikane chifukwa zimalimba kuposa za merino yekhayekha.

Chachiwiri, musayese ndi chikhatho chifukwa khungu la m'manja ndi lolimba, makamaka kwa ife ogwira khasu. Chikhudzitseni pakhosi kapena m'kati mwa mkono, mudikire kamphindi. Chikabaya pamsika, chikabayanso kuphiri.

Chachitatu, chiyang'anitseni kudzuwa. Timabowo tating'ono tomwazikana ndi chizindikiro cha njenjete. Kabowo kamodzi kapena tiwiri telala akhoza kusoka, koma tikachuluka chisiyeni. Onaninso m'khwapa ndi m'zigongono ngati nsalu siyidaperepeseke. Chovala chimene chikuoneka chothithikana ngati bulangete, manja ake afupika, ndiye kuti chidachapidwa m'madzi otentha ndipo sichidzabwereranso.

Chachinayi, onani nambala. Zina zimalembedwa 150, 200 kapena 250, kutanthauza magalamu a nsaluyo pa sikweya mita imodzi. Cha 150 ndi chopepuka, choyenera kuyenda nacho masana. Cha 200 chimakwanira nyengo yathu yozizira, pomwe cha 250 ndi chogona nacho pamwamba pa phiri.

Pomaliza, chikhale chogwira thupi koma chosafinya. Chikakhala chokhwepa sichingachotse thukuta. Misoko yake ikhale yosalala, makamaka pamapewa pamene pamadutsa zingwe za chikwama.

Ngati kansalu kolembedwa kadachoka, pali njira ina. Mukagula, sololani kaulusi kamodzi mkati mwa msoko mukaotche ndi machesi. Ubweya weniweni umanunkha ngati tsitsi lopserera ndipo phulusa lake limafumbutuka mukalitikita. Wa pulasitiki umasungunuka n'kusiya kampira kolimba. Mukatero mwaphunzira, ulendo wina simudzapusitsidwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku lotsegula belo ndi lofunika kulawirira.

Merino akasowa, musataye mtima. Majezi a mpira ndi zovala zina zamasewero za poliyesitala zimauma msanga ndipo zimaposa thonje kutali kuphiri. Vuto lake ndi fungo, komanso zimasungunuka zikayandikira moto, choncho samalani pouotha.

Kuchisamala

Chovala chimene mwachisaka movutikira chikhoza kuonongeka ndi kuchapa kumodzi. Ubweya sufuna madzi otentha, sufuna kupumphunthidwa pamwala ndipo sufuna kupotokoledwa pofinya. Chapani m'madzi ozizira ndi sopo wochepa, mukungofinya pang'onopang'ono. Jik ndi mankhwala ena oyeretsera zovala amadya ubweya, choncho asayandikire.

Poyanika, chigonekeni pamalo okwera pamthunzi, osati pansi kapena paudzu. Mukachipachika pachingwe chili chonyowa chimatamuka. Poopa mphutsi zija zimalowa pakhungu, chisiteni ndi simbi yosatentha kwambiri mutayala kansalu konyowa pamwamba. Nyengo yozizira ikatha, chichapeni, chiume bwino, kenaka muchitsekere m'jumbo kuti njenjete zisachipeze.

Si za okwera mapiri okha

Chovala chimenechi chingathandizenso mlonda amene amachezera panja, wakabaza amene amanyamuka mbandakucha, mayi wopita kudimba kusadache ngakhalenso agogo amene amadandaula mphepo usiku. Onyamula katundu ndi operekeza alendo a ku Likhubula, amene amakwera phiri la Mulanje akutuluka thukuta ndi katundu kumsana, ndiwo angapindule koposa.

Kwa makolo ndi aphunzitsi amene akukonza ulendo, muonetsetse kuti mwana aliyense ali ndi chovala cham'kati chachiwiri, chouma, chokulungidwa m'jumbo. Akafika pogona avule chonyowacho nthawi yomweyo. Chipewa ndi masokosi ouma zisaiwalike, ndipo buluku la jinzi lisiyidwe kunyumba chifukwa nalonso ndi thonje. Ku Mulanje musakwere popanda woperekeza wodziwa njira, ndipo iye akati nyengo yaipa tibwerere, mverani.

Wina akayamba kunjenjemera mosalekeza ndi kuyankhula zosamveka, musadikire. Mubiseni ku mphepo, muvuleni zonyowa, mufundeni zouma ndipo ngati akutha kumeza mupatseni tiyi wotentha wa shuga. Mowa ayi. Kachasu amanamiza munthu kuti wafunda pomwe akutaya kutentha kwa m'thupi mofulumira. Mukatero tumizani uthenga pansi kuti thandizo libwere.

Phiri silithawa. Chaka chilichonse lidzakhalapo kudikira alendo ake. Chofunika n'chakuti amene wakwera atsike ndi miyendo yake, adzafotokoze yekha zimene wakaona kumwambako.