Kuchepetsa Thupi: Njira ya ku Chipatala ndi Njira Zina

M'midzi yambiri munthu akanenepa anthu amati zikumuyendera, ndipo mayi akanenepa amati mwamuna wake akumsamala bwino. Kuonda kumaopedwa, pakuti anthu amakumbukira njala ndi matenda amene anaondetsa abale awo. Komatu kunenepa kopitirira muyeso nako ndi chiyambi cha matenda. Kumabweretsa matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima, kufa ziwalo ndiponso kuphwanya kwa mawondo ndi msana.

Vutoli likukula m'Malawi. Kafukufuku wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa akazi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, akazi 21 anali olemera kuposa muyeso. Mu 1992 anali 10 okha. Chifukwa cha ichi anthu ofuna kuchepetsa thupi achuluka, ndipo ofuna kuwagulitsa njira zochepetsera thupi achulukanso. Tsono nkoyenera kuti anthu adziwe kusiyana kwa njirazi asanataye ndalama kapena moyo.

KUDZIWA NGATI THUPI LAPITIRIRA

Si aliyense wooneka wojintcha amene ayenera kuchepetsa thupi. Ku chipatala amayesa kulemera kwa munthu pa sikelo, namuyesanso msinkhu, ndipo amawerengera ziwirizi pamodzi. Munthu wa msinkhu wa masentimita 160 akapitirira makilogalamu 64 ndiye kuti wayamba kulemera kuposa muyeso, ndipo akafika makilogalamu 77 ndiye kuti wanenepa kwambiri.

Ilipo njira ina yosafuna sikelo. Munthu atenge chingwe, achiyese kuchokera kumutu kufikira kuphazi, achipinde pawiri, kenaka achizunguze m'chiuno cha pamchombo. Nsonga zake zikalephera kukumana, mafuta a pamimba achuluka. Mafuta a pamimbawa ndiwo oopsa koposa. Njira imeneyi si ya amayi oyembekezera kapena ana aang'ono.

NJIRA YA KU CHIPATALA

Ubwino woyamba wa chipatala ndi wakuti munthu amapimidwa asanayambe chilichonse. Amamuyesa shuga ndi kuthamanga kwa magazi, matenda awiri amene amakhala m'thupi zaka zambiri mwini wake osadziwa. Amafunafunanso chimene chamlemeretsa. Ena sananenepe konse koma atupa ndi madzi kaamba ka matenda a mtima kapena a impso, ndipo oterewa afunika mankhwala, osati kusala nsima. Ena amanenepa chifukwa cha mankhwala amene akulandira, monga jakisoni wolera, kapena ma ARV okhala ndi dolutegravir amene dziko lino linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019. Munthu wotere asasiye mankhwala ake mwa iye yekha. Apite akakambirane ndi adokotala.

Ubwino wachiwiri ndi wakuti munthu amabwererako pa masiku oikika. Zipatala za Boma za m'maboma zili ndi kiliniki ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kumene sikelo imaonetsa ngati zinthu zikusintha, ndipo mankhwala amachepetsedwa kapena kuonjezedwa monga kuyenera.

Mphamvu ya uphungu wotere inaoneka ku America mu 2002, pa kafukufuku wa anthu oposa 3,000 amene anali pafupi kudwala shuga. Gulu lina linapatsidwa alangizi olithandiza kusintha kadyedwe ndi kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata. Gulu lina linapatsidwa mapiritsi a metformin. Mwa anthu 100 alionse amene akadadwala shuga, uphungu unapulumutsa 58, pamene mapiritsi anapulumutsa 31.

M'mizinda ikuluikulu ya maiko ambiri muli zipatala zolipira zimene ntchito yake ndi kuchepetsa thupi basi. Zina zimabaya jakisoni wa semaglutide, amene America inavomereza pa ntchito imeneyi mu 2021. Jakisoniyu amachepetsa njala, ndipo poyesedwa anthu anataya pafupifupi makilogalamu 15 pa 100 alionse m'masabata 68. Koma ndi wokwera mtengo, amabayidwa sabata ndi sabata, amachititsa nseru, ndipo amene anamsiya thupi lawo lambiri linabwerera m'chaka chimodzi. Mu 2024 bungwe la World Health Organization linachenjeza kuti jakisoni wachinyengo wa dzina lomweli wapezeka m'maiko ena. Chotero jakisoni ameneyu, ngakhalenso opaleshoni yochepetsa chifu, ndi za anthu onenepa kwambiri amene adokotala awapima. Chipatala chimene chifulumira kutchula mtengo chisanampime munthu nchofunika kuchikayikira.

Kuvuta kwa njira ya ku chipatala nkodziwika: mtunda ndi wautali, mzere ndi wautali, ndipo ulendo umadya tsiku la ntchito ya kumunda. Koma ulendo umodzi wokapimitsa suposa mtengo wa kudwala shuga osadziwa.

NJIRA ZA MALAMULO A KADYEDWE

Zilipo njira zambiri zimene anthu amauzana, kapena kulandira pa foni, kapena kulipira kuti aphunzitsidwe. Ina imati munthu aleke nsima, mpunga ndi mbatata. Ina imati aleke mafuta onse. Ina imati adye kamodzi pa tsiku. Ina imati agule ufa wa m'chitini wosungunula m'madzi, amwe m'malo mwa chakudya.

Njirazi zimatsitsadi thupi poyamba, pakuti zonse zimachititsa munthu kudya pang'ono. Ku Stanford mu 2018 akatswiri anayerekeza anthu oposa 600, ena ochepetsa mafuta, ena ochepetsa zakudya zokhutitsa. Chitatha chaka magulu onse awiri anali atataya makilogalamu 5 kapena 6. Ichi chisonyeza kuti palibe lamulo limodzi lamatsenga. Chofunika nchakuti munthu athe kulisunga.

Apa ndipo pagona vuto. Mlimi wolima kuyambira m'bandakucha sangakhale wopanda nsima miyezi yambiri. Mayi wophikira banja lonse sangaphike miphika iwiri tsiku ndi tsiku. Ufa wa m'chitini ukatha, ndalama zitatha, munthu amabwerera ku kadyedwe kakale ndipo thupi limabwerera. Ndiponso wogulitsa njirazi sapima munthu. Wodwala shuga amene akumwa mankhwala kapena kubaya insulini akayamba kusala chakudya, shuga wake angatsike kwambiri mpaka kukomoka. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana amene akukula asatsate njira zotere konse.

TIYI NDI MAPIRITSI A PAMSIKA

Njira yoopsa koposa ndi ya tiyi ndi mapiritsi ochepetsa thupi ogulitsidwa pamsika, m'mabasi ndi pa foni. Ambiri mwa iwo amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Sikelo imatsika chifukwa madzi achoka, koma mafuta ali pomwepo, ndipo impso zimavutika. M'maiko ena mankhwala otchedwa achilengedwe anapezeka atasakanizidwa mobisa ndi sibutramine, mankhwala amene anachotsedwa pa malonda ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa choonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi kufa ziwalo. M'Malawi mankhwala amayang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo malo oyenera kugulako mankhwala ndi okhawo ololedwa ndi bungweli. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

CHIMENE MUNTHU AYENERA KUCHITA

Poyerekeza njira zitatuzi, chanzeru ndi kuyambira ku chipatala, kenaka kugwira ntchito yeniyeni kunyumba, pakuti adokotala sangam'dyere munthu kapena kumuyendera.

Cholinga chisakhale chachikulu. Kutaya makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 alionse nkokwanira kutsitsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Wolemera makilogalamu 80 akataya 4 mpaka 8 wapindula kale. Theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro labwino.

Nsima isalekedwe koma ichepetsedwe: wodya mitanda itatu adye iwiri, ndipo ya mgaiwa iposa ya ufa woyera chifukwa imakhalitsa m'mimba. Ndiwo zamasamba monga nkhwani, bonongwe ndi chisoso zichuluke m'mbale, pamodzi ndi nyemba, nandolo, usipa ndi zipatso za nyengo yake. Magulu onse 6 a zakudya amene alangizi amaphunzitsa akhalepo ndithu. Zochepetsa ndi mafuta ophikira, mandasi, tchipisi, mowa ndi shuga wa mu tiyi. Botolo limodzi laling'ono la zakumwa zotsekemera lili ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 8. Mchere wa tsiku lonse usapitirire supuni yaing'ono imodzi.

Amene ntchito yawo ndi yokhala pansi, monga ogulitsa m'golosale, osoka zovala ndi a muofesi, ayende ndawala mphindi 30 pa tsiku, masiku 5 pa sabata. Anthu awiri kapena atatu akapangana kuyendera limodzi ndi kukayesedwa pa sikelo mwezi ndi mwezi, amalimbikitsana ndipo salekera panjira.

Pomaliza, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi apabanja athandize pa nkhaniyi. Mayi kapena bambo amene wachepetsa thupi mwa uphungu wa ku chipatala asamnene kuti wadwala kapena kuti pakhomo pavuta. Koma munthu akayamba kuonda yekha osafuna, makamaka ngati akumva ludzu kwambiri, kukodza pafupipafupi kapena kutsokomola, apite ku chipatala msanga. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lililonse angathe kunena tsiku la kiliniki ku chipatala chapafupi.